Nyimbo Yachisanu ndi Chinayi

Ndinachigula pamalo omwetsera mafuta ku Diósgyőr,
pakati pa mabatire ndi maswiti a chifuwa:
chimbale cha nyimbo zosankhidwa,
zaka makumi awiri m'kabokosi kamodzi,
pachikuto gitala ikuyaka moto m'chipale chofewa
ngati kuti ziwirizi zinayamba zagwirizanapo.
Mtsikana wogulitsa anati, "Mphatso ya mdzukulu?"
Ndinangoti eya.

Tsopano ndi usiku woti mawa Khirisimasi.
Anthu a mu Miskolc ali pa nsomba ndi makandulo,
ine ndili pa chiwongolero cha galimoto yopala misewu,
khasu lachitsulo kutsogolo, mchere ukuwazika kumbuyo,
kukwera mapiri a Bükk mwa kayendedwe ka onyamula maliro.

Nyimbo yoyamba: mabelu a tchalitchi,
kenako ng'oma zikuwapirikitsa.
Yachitatu: kanyimbo kofatsa ka pa limba, ka zaka mazana atatu,
kagwidwa pakhosi ndi gitala yamagetsi,
koma taonani, sikakufa ayi, kakuseka.
Kwaya ya ana ikulowa, malipenga akuitchingira njira.
Chiphokoso chokhachokha, akanatero malemu bambo anga.
Ine sindinachigulire phokosolo. Ndikudikira.

Etelka, unafika kunyumba tsiku lija mu Ogasiti
thukuta lili kamukamu,
vayolini kukhwapa, envulopu m'thumba,
ukuseka mpaka kutsamira khoma.
"Zsombor, taimba za chisanu tsiku lonse,
mawindo otseka, fani yozimitsa kuti isamveke!
Anyamata atsitsi lofika m'chiuno
akuti tiimbe ngati tikuthawa nyumba yoyaka.
Ife makumi anayi, ndi masatifiketi athu,
kuthamangira mwana wosadziwa kuwerenga manotsi!"
Ndalamayo tinagulira firiji.
Firijiyo ikadalipo, imang'ung'udza kukhitchini usiku wonse.

Kabuku ka m'kati ndakafufuza ndi magalasi awiri.
Dzina la woimba gitala lilipo,
la wojambula chikuto lilipo,
ngakhale wowaphikira khofi amuthokoza.
Inu anangokulembani kuti
"gulu la zingwe, Budapest."

Nyimbo yachisanu ndi chinayi.
Ndaimika galimoto pa khona la kumtunda kwa Lillafüred,
nyali yachikasu ikuzungulira pa mitengo yopanda masamba.
Ng'oma zikugunda, magitala awiri akulimbirana fupa,
kenako, pa mphindi yachitatu, onse ziii,
ngati wina wakankha chitseko cha chipinda china:
zingwe zokha,
masekondi khumi ndi asanu ndi awiri.

Anthu makumi anayi akukoka uta ngati dzanja limodzi.
Ndani angapatule dontho lake mumtsinje?
Koma ine ndikuti ndakumva.
Alipo mmodzi akuchedwa kusiya liwu lomaliza,
pang'ono chabe, theka la mpweya,
monga unkachedwera kusiya mkono wa jekete langa
ndikamapita ku ntchito ya usiku.

Mwana wathu Boróka akuti ndi makutu a ukalamba,
akuti makina anasalaza zonse, wochedwa palibe.
Kaya. Iye anapita kusukulu,
ine ndimapala misewu.

Wailesi ya ntchito yakhosomola:
"Nambala sikisi, uli pati? Basi yatitimira ku Ómassa."
Ndayankha kuti ndili m'njira.
Gitala yabwerera, ikulira ngati sowo pa lata,
ng'oma zakukwirira, Etelka,
monga chipale chikukwirira kale
msewu umene ndangoupala kumene.
Sindikudandaula. Ntchito yanga ndi yomweyi:
ndipale, chikwirire, ndipalenso.

Chala changa chong'aluka ndi mchere
chikufufuza mumdima kabatani kobwezera m'mbuyo.
A m'basimo ali ndi mabulangete, ali ndi anzawo.
Adikireko
masekondi khumi ndi asanu ndi awiri.